Bwato la Atelala

Ndikukumbukira bwino m'mawa umene ababa anga analowa m'nyanja koyamba ngati msodzi, chifukwa mpaka lero ndikapita kwathu ku Nkhotakota pali achikulire ena amene satha kundipatsa moni osayamba aseka. Nthawi imeneyo ndinali ndisanamalize pulayimale. Ndinali mwana woyamba m'nyumba, wamkazi, wamakani, wa miyendo yotuwa ndi mchenga tsiku lililonse. Azichimwene anga anali adakali tiana toyenda popanda kabudula, choncho ntchito zonse zimene anthu amati n'zachinyamata zinkagwera ine, ndipo sindinkadandaula.

Ababa sanali munthu wa m'madzi. Anali telala. Anabadwira kumtunda, mbali ya kwa Malengachanzi, kumene anthu amadziwa mpunga kuposa nsomba, ndipo kunyanja anabwera chifukwa chokwatira amayi. Nyanjayo ankaionera patali ali pakhonde la sitolo ina, akupalasa makina awo, tepi ili m'khosi, singano ili pakamwa. Ankasoka makanzu, madiresi a pa Idi ndi mayunifolomu a ife ana asukulu. Kenaka kunabwera kaunjika. Anthu anayamba kutola zovala pamulu patsinde pa mango, ndipo kwa ababa kunkangobwera ofuna kubweza chiuno cha buluku la mzungu wina wonenepa amene sitinamuonepo. Makina anayamba kukhala chete masana onse. Kunyumba ndiwo zinachepa, ndipo amayi, amene sankadandaula mokweza, anayamba kuika mbale pamkeka mwamphamvu.

Tsiku lina ababa anasinthanitsa makinawo ndi bwato la bambo wina wa ku Dwambazi amene anatopa ndi nyanja. Amayi atamva analowa kukhitchini n'kukhalako nthawi yaitali, ndipo potuluka anati maso afiira ndi utsi. Bwatolo linali lakale, logoba mumtengo umodzi, lokhala ndi zigamba za malata ndi phula m'mbali. Pakamwa pake panali popapatiza, moti munthu amakhala pamwamba n'kulowetsamo miyendo yokha, wina patsogolo wina pambuyo. Litafika pa doko, ababa analiyeza ndi tepi m'litali, m'mimba ndi m'khosi momwe, ngati akufuna kulisokera kanzu. Asodzi amene ankasoka maukonde pamthunzi anangoyang'anana.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, muyenera kudziwa matenda a ababa. Sankatha kunena kuti ayi. Munthu ankatha kubwera ndi kansalu kosakwanira ngakhale mwana, n'kunena kuti akufuna kanzu yofika m'mapazi, ababa n'kuvomera, n'kuwonjezerapo nsalu yawo mwakachetechete. Thobwa linkawatsegula m'mimba, koma paukwati uliwonse ankamwa lonse limene apatsidwa n'kuyamikira, kenaka ife n'kumavutika nawo panjira. Pamwamba pa zimenezo anali mkamwini. Nyumba yathu inali pamalo a kwawo kwa amayi, ndipo mwini mbumba anali amalume a Bwanali, mlongo wawo wamkulu wa amayi, mwini ukonde waukulu, munthu amene akatsokomola ababa ankaimirira. Kwathu mwana ndi wa amalume ake. Zokhudza ine, kuyambira sukulu mpaka kumetedwa, zinkayenera kudutsa kaye m'makutu mwa a Bwanali.

Koma ine ndi ababa tinali ndi pangano lathu. Popeza kusambira ankangokudziwa kwa pamene mapazi akugunda pansi, ine ndi amene ndinkawaphunzitsa. Tinkapita kuseri kwa bango kumene kulibe anthu, ine n'kuwagwira pachibwano, iwo n'kumamenya madzi ngati akupha moto. Kupalasa ndinawaphunzitsira pamchenga, atakhala pa chipika, atagwira mpini wa khasu. Tsiku lina akupukuta nkhope ndi malaya anandiuza kuti, "Asiyatu, tsiku loyamba tipita awiri. Iwe ukhala kutsogolo." Mawu amenewo sindinawasunge. Ndinawamwaza kusukulu, kumadarasa, kumjigo ndi kuchigayo. Anyamata a m'kalasi mwathu ankati ndikunama, mtsikana sakwera bwato lopita kokawedza, ndipo ine ndinawaitana onse kuti abwere Loweruka adzaone ndi maso awo. Sindinagonepo bwino sabata imeneyo chifukwa cha chimwemwe.

Katundu wa ulendowo tinakonza tokha, ndipo sanali wambiri. Panali nkhafi imene inabwera ndi bwato, zingwe za nayiloni zokulunga pa timitengo, mbedza zobaya pa kachidutswa ka patapata, ndi chitini cha nyongolotsi zimene ndinakumba ine kudambo. Chokapira madzi tinachipanga podula chigubu chakale cha mafuta. Chinthu chimodzi chokha chinali chachilendo, ndipo chinali ntchito yomaliza ya makina aja asanachoke. Ababa anadzisokera jekete lopanda manja la khaki, la matumba akuluakulu kuzungulira thupi lonse, ndipo m'thumba lililonse analongamo botolo lapulasitiki lopanda kanthu. Anati akagwa m'madzi liwayandamitsa. Msoko wake unali wokongola, mabatani ake ofanana, koma akavala n'kuyamba kuyenda ankamveka phokoso kuchokera patali.

Chimene tinaiwala n'chizolowezi cha pa doko lathu. Munthu akamalowetsa bwato m'madzi koyamba, aliyense womudziwa amabwera ndi kanthu koti akwere nako. Amati bwato lisapite lokha. Asodzi enieni amadziwa mmene amachitira: amalandira, amathokoza, kenaka amatuma mwana kukasiya kunyumba mwiniwake akayang'ana kumbali. Palibe amene anawauza ababa mbali yachiwiriyi, ndipo ngakhale akanawauza sindikhulupirira kuti akanatha.

Loweruka m'mawa dzuwa litatuluka, mwera umene unavuta sabata yonse unali utagona, kutangotsala timafunde tating'ono. Mchenga unali udakali wozizira kumapazi. Pa doko pankanunkhira usipa wa pathandala, phula ndi utsi wa amayi okazinga zitumbuwa. Ine ndinali nditamanga chitenje ngati kabudula, nditakhala kale kutsogolo kwa bwato, nditayang'anitsa nkhope kumene kunaima anyamata aja kuti andione bwino.

Oyamba kufika anali a Mhango, oyandikana nafe nyumba, amene makolo awo anachokera kumpoto. Anabwera atasenza ukonde wakale, wonyowa, wa mabowo oti mbuzi ikhoza kudutsa osakhudza ulusi. "Adada a Asiyatu," anatero, "mbedza ni masewera a wana. Tolani uwu, wakoma somba zinandi chomene." Ankatanthauza kuti ukondewo wapha nsomba zambiri. Ababa ukonde sankadziwa n'komwe poyambira kuutchera, koma anaulandira ndi manja awiri n'kuupinda bwinobwino pansi pa bwato, pamwamba pa chokapira madzi chija. Pambuyo pawo panabwera azakhali anga a Mwanaisha ndi mbaula, kathumba ka makala, poto, ndi mpunga wokwanira banja la pamaliro. Anati munthu sadziwa za panyanja, mphepo ikhoza kukutengerani kutsidya, ndiye musakapemphe chakudya kwa anthu achilendo. Anawonjezerapo ambulera yawo yamaluwa.

Kuchokera pamenepo anthu anangoti mzere. Wina anabwera ndi mono. Wina anabwera ndi mkondo wa dzimbiri, akuti wa ng'ona. Mayi wina anati dengu lathu ndi laling'ono, nyanja ikaliona iganiza kuti sitili ndi njala, ndipo anatipatsa lake lotutira chimanga. Panabwera wailesi yokulunga m'jumbo, kuti tizimva za nyengo. A mwalimu a kumadarasa, munthu wofatsa amene ndinkamukonda, anabwera ndi kamkeka koswalirapo ndi birika, ketulo ija ya kamlomo kakang'ono, litadzaza madzi otawazira, aja osamba munthu asanapemphere. Ine ndinafunsa kuti madzi tikunyamuliranji popeza tikupita pakati pa madzi, amayi n'kunditsina pantchafu. Ababa kwa aliyense ankagwada pang'ono, mabotolo n'kulira, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, Mulungu akubwezereni." Chilichonse ankachipezera malo. Kulongedza kokha ankakutha, poti anali munthu wozolowera kutulutsa malaya pa nsalu yosakwanira.

Ine ndinkangosunthira kutsogolo. Poyamba ndinapinda mwendo umodzi. Kenaka ndinatulutsa wina n'kuulendewetsa kunja. Pamene amalume a Bwanali ankafika, ndinali nditakhala pamphuno penipeni pa bwato, nditakumbatira poto.

Amalume sanabwere okha. Kumbuyo kwawo kunali anyamata awo a ukonde atanyamula pamtengo chitsulo cha injini yakufa ya chigayo, chomangidwa chingwe. Ameneyo anali nangula. Amalume anati bwato lopanda nangula ndi chibwana, ndipo nangula ameneyu anagwirapo boti lawo lalikulu pa mwera woopsa. Anyamatawo atachitsitsira mkati, bwato linalira. Titalikankhira pamadzi kuti tione, linamira mpaka m'milomo, moti nyerere ikanatha kumwa madzi itaima pamwamba. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti pachoke kanthu. Aliyense ankayang'ana katundu wa mnzake, palibe amene ankayang'ana wake.

Amalume anazungulira bwatolo manja ali kumbuyo, anayang'ana ukonde, anayang'ana mbaula, kenaka maso awo anaima pa ine. "Chochotsa si ichi?" anatero. "Tsika iwe. Kuyambira liti mwana wamkazi kupita kokawedza? Nsomba zikamuona zithawa. Alamu, mwanayu atsale."

Ndinayang'ana ababa. Ndinkadziwa kuti akukumbukira. Iwo anayang'ana amalume, anayang'ana mchenga, anakonza batani limene linali lomanga kale. "Chabwino, alamu," anatero. Kenaka kwa ine, motsitsa mawu: "Mayi, mawa. Mawa tipita."

Ndinatsika. Anyamata a m'kalasi mwathu sanaseke mokweza, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa. Ndinapsa mtima kwambiri tsiku limenelo, ndipo sindinapsere amalume, poti iwo anachita zimene amachita masiku onse. Ndinapsera ababa. Ndinaona kuti pa zinthu zonse zimene zinali m'bwatomo, chimene anaona kuti n'chosavuta kuchikana ndinali ine, chifukwa ine ndekha ndi amene sankandiopa. Mbaula inali ndi mwini wake woiyankhulira, mkondo wa dzimbiri unalinso ndi wake. Ndinakakhala pa bwato lina logubuduza, ndikulumbira kuti sindidzawagwiranso pachibwano.

Ababa anakwera movutikira, anati Bisimila, anthu n'kuwakankha. Zimene ndinawaphunzitsa pachipika zinawathawa nthawi yomweyo. Ankapalasa mbali imodzi yokha, ndipo bwato linayamba kuzungulira. Tinaona msana wawo, kenaka nkhope yawo, kenaka msana. Nthawi iliyonse nkhope ikabwera ankamwetulira n'kugwedeza mutu mwaulemu kwa anthu a pamtunda, ndipo azakhali ankawabayibitsa ulendo uliwonse ngati ndi woyamba. A Mhango ankakuwa kuti kumazere, amalume ankakuwa kuti kumanja, ababa n'kumayesa kumvera onse awiri.

Pozungulira choncho anasunthirako ndithu, kufika pamene timafunde timayamba kudzuka. Kafunde koyamba kanalowa mwaulemu. Kachiwiri kanalowa ndi anzake. Tinaona ababa ataika nkhafi pamiyendo n'kuyamba kupisa dzanja pansi, kufunafuna chokapira, koma chokapiracho chinali pansi pa ukonde, ukonde uli pansi pa mpunga, mpunga uli pansi pa chitsulo cha amalume. Chimene dzanja lawo linapeza linali birika la a mwalimu. Anayamba kukapa nalo. Ankalimiza m'bwato, kulidikira lidzaze, n'kulikweza, n'kumathira m'nyanja kudzera pa kamlomo kaja, kamtsinje kowonda ngati akuthirira mlendo tiyi. Pa doko anthu anayamba kugwira nthiti. Ambulera ya azakhali inatseguka yokha, mphepo n'kuigwira, bwato n'kuyamba ulendo wa chammbali wopita ku Benga.

Apa ababa anaganiza zoti aime kaye kuti aganize bwino, ndipo choimitsira bwato anali atapatsidwa. Anagwada, anakumbatira chitsulo chija, anachikweza mpaka pamlomo wa bwato n'kuchigubuduzira kunja. Anyamata a amalume anali atamanga chingwe chake m'mbali, osati kumphuno. Chitsulo chinapita, mbali ya bwato inachitsatira, ndipo ababa anatsatira bwato. Tinangoona mapazi awiri oyera m'mwamba, kenaka chubwi.

Mkwiyo wanga unathera pomwepo. Sindikumbukira kuti ndinathamanga bwanji, ndinangozindikira ndili m'madzi ndikusambira. Jekete lija linagwira ntchito yake, koma linaigwira lokha. Mabotolo anayandama n'kukwera mpaka m'makutu, mwini wake ali pansi pake, moti chimene ndinapeza chinali mulu wa khaki wopanda mutu, ukuzungulira, mkati mukutuluka mawu a munthu amene akutsanzikana ndi dziko m'Chiarabu. Ndinawagwira kolala n'kuwakuwira kukhutu kuti, "Ababa, imirirani!" Anaponda pansi. Madzi anawalekeza m'chifuwa.

Tinaima pamenepo awiri, ine ndikupalasa miyendo, iwo akutsokomola. Mozungulira ife munkayandama makala, dengu, kamkeka ndi ambulera yoyang'ana kumwamba. Thumba la mpunga linali litamasuka, ndipo tinsomba tosawerengeka tinasonkhana kudzadya, tikutijompha m'miyendo. Ababa anayang'ana tinsombato nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti nsomba zambiri chotero sanadzazionenso pamalo amodzi moyo wawo wonse wa usodzi.

Anyamata anathandiza kukokera bwato kumtunda ndi kutola katundu. Chitsulo anachita kuchimirira anthu angapo. Zonse zinaunjikidwa pamchenga zikudontha, wailesi ikutuluka madzi m'timabowo. Anthu anali akusekabe, ena akuonetsa anzawo ochedwa mmene birika linkathirira. Amene sanaseke anali amayi. Anaima patali atabereka mwana, akuyang'ana bwatolo, ndipo ine ndinadziwa zimene ankaona: makina kulibe, ndipo chimene chatsala ndi chipika ichi ndi mwamuna amene doko lonse likumuseka. Ababa anakhala pansi, anavula jekete, n'kumalifinya pang'onopang'ono. Popanda mabotolo aja anaoneka wamng'ono kwambiri, ndipo ndinawamvera chisoni chimene ndinali ndisanamverepo munthu wamkulu.

Amalume ndiye anali atayamba kale kulamula. Anati vuto silinali katundu koma kapakiridwe, chitsulo chimayenera kukhala pakati, mpunga kumbuyo. Anauza anyamata awo kuti akhuthule madzi ayambirenso kulonga, iwo ayang'anira okha. Anyamata anawerama kuti anyamule chitsulo.

"Dikirani kaye," anatero ababa.

Mawuwo anatuluka aang'ono, moti anachita kubwereza. Anaimirira, anatola ukonde, anakaupereka kwa a Mhango ndi manja awiri, n'kunena kuti ukondewo ndi wa akatswiri, awasungire mpaka adzaphunzire. Anatola mbaula ndi poto n'kupatsa azakhali, n'kuwalonjeza kuti kutsidya sakafikako. Mkondo, mono, dengu ndi wailesi, chilichonse chinabwerera kwa mwini wake ndi zikomo wake. A mwalimu analandira birika lawo akuseka okha, n'kunena kuti madzi a m'nyanja nawonso ndi oyera. Zinatenga nthawi, chifukwa ababa sankadumpha mawu aulemu ngakhale amodzi, ndipo doko lonse linkadikira chinthu chomaliza.

Anaima patsogolo pa amalume, madzi akudonthabe m'ndevu. "Alamu, nangula wanu ndi wamphamvu. Ndamuona ndekha. Koma ndi wa boti lalikulu. Atsale."

Amalume anakweza zikope. "Ndiye mupita ndi chiyani?"

"Nkhafi, mbedza, nyambo, chokapira. Ndi mwanayu."

"Ndanena kale za mwanayu. Ameneyu ndi wa mbumba yanga."

"Mbumba ndi yanu, alamu, sindikukana. Koma ndinamulonjeza ndine."

"Nsomba zithawa."

"Zithawe," anatero ababa. "Ngakhale ine sizinandilandire."

Wina anaphulika kuseka kumbuyo n'kudzigwira pakamwa. Amalume anayang'ana amayi, kudikira kuti mlongo wawo adzudzule mwamuna wake. Amayi anakonza mwana kumsana n'kunena kuti, "Asiyatu, tenga mpango wanga, dzuwa likuwotcha pamutu." Amalume anatembenuka n'kumapita, anyamata awo akuwatsatira ndi chitsulo pamtengo.

Nyongolotsi zinali zitapita ndi madzi, koma mayi wina wa pathandala anatiponyera usipa wodzaza dzanja kuti tichite nyambo. Bwato lopanda katundu linayandama pamwamba, lopepuka, moti ndinadabwa kuti ndi lomwe lija. Ndinakhala kutsogolo, miyendo yonse iwiri mkati, chigubu chodula chili m'manja. Sindinayang'ane n'komwe kumene kunali anyamata a m'kalasi mwathu, ngakhale kunena zoona ndinkadziwa bwino pamene aliyense waima. Ndinkawerengera ababa kuti uku, uku, tsopano uko, ndipo bwato linayenda mokhotakhota koma linkapita kutsogolo. Madzi anasintha kuchoka pa mtundu wa mchenga kufika pobiriwira, mawu a pa doko anachepa, kunatsala kulira kwa nkhafi ndi kwa mabotolo, poti jekete anali atavalanso, ulendo uno atalimanga ndi chingwe m'chiuno.

Titafika pa miyala pamene ana amawedza, ndinatembenuka kuti ndiwapatse mbedza. Anayesa kangapo koma analephera kubaya usipa. Ndinawafunsa ngati akumva kuzizira, kapena akuopa kugweranso.

"Ayi," anatero. "Tayang'ana kumtundako. Amalume ako apita?"

Ndinawauza kuti apita. Anapuma mpweya wautali, kenaka anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka bwato kugwedezeka, ine n'kumakuwa kuti akhale bwino tigwa. Tsiku limenelo tinapha timbaba tochepa ndi mlamba umodzi woonda, umene unatipanikiza awiri tonse tisanaulowetse. Amayi anauphika ndi tomato, n'kutumiza mutu wake kwa amalume m'kambale kovundikira. Kambaleko kanabwerera kotsuka, koma amalumewo anatha mwezi wathunthu akudutsa kuseri kwa nyumba yathu.

Ababa sanakhale msodzi wotchuka. Mpaka ukalamba wawo anthu ankawaitana kuti atelala, ndipo ukonde wawo unkadziwika pa doko lonse chifukwa cha kukongola kwa zigamba zake, osati chifukwa cha nsomba. Koma bwato lija linatidyetsa, ndipo Loweruka lililonse mpaka pamene ndinapita kusekondale malo a kutsogolo anali anga. Thobwa anapitiriza kumwa paukwati uliwonse. Ayi wawo anali wosowa, ndipo ndimanyadira kuti woyamba anamugwiritsa ntchito chifukwa cha ine. Anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo ndimawasowa kwambiri.

Masiku ano doko lija lasintha. Mitengo yogoba mabwato ikusowa, maboti ambiri ndi a matabwa ndi injini, ndipo majekete oyandamitsa amagulitsidwa m'sitolo, enieni, osakwera m'makutu. Chizolowezi chobweretsa kanthu chinatha, aliyense amangoyang'ana zake. Malangizo okha ndi amene sanathe, anangosamukira m'foni. Mwana wanga Hamisi, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe ndipo nyanja amaidziwa pa holide, anagula chaka chatha kabwato kapulasitiki kwa azungu ena amene ankatseka malo awo ogona alendo. Miyezi yonse anakhala akundionetsa zithunzi za zinthu zimene akuti woyamba kumene ayenera kukhala nazo. Pa Idi tinapita tonse kumudzi kuti akakayese.

Kabwatoko n'kokongola, sindinganame. Kali ndi pobayika ndodo zowedzera, poika foni, poika botolo la madzi, ndi kachipangizo koonera nsomba pansi. Kumbuyo Hamisi anamangirirako bokosi lalikulu la ayezi, losungira nsomba zimene anali asanaphe. Mpando ndi umodzi. Pamene iye ankamanga zingwe zake, mwana wake wamkazi, Zainabu, anali ataima pamchenga atavala kale kajekete kake kofiira kamene anagona nako pafupi sabata yonse. Sankalira. Ankangoyang'ana bambo ake, ndipo bambo akewo osatembenuka n'komwe anati, "Mawa, Zai. Lero malo palibe."

Ine sindine ababa, ulemu wautali sindiutha. Ndinakwinya chitenje, ndinalowa m'madzi, ndinamasula bokosilo n'kukaliika pamchenga. Kenaka ndinanyamula mwanayo n'kumukhazika pamalopo.